Anzathu amapaka vanishi, ife timagulitsa pa sikelo

Patchuthi chapitachi ndinali kwathu ku Nselema. Amene munayendapo pamsewu wa Bakili Muluzi, wochokera ku Liwonde kudzera pa Ntaja kukafika ku Chiponde ndi Mangochi, malowa mukuwadziwa: msika, akabaza atandanda pamthunzi, matumba a mpunga wochokera kumadambo a Chiuta, ndi anyamata ofunsana za ulendo wa ku Joni. Kuseri kwa msikawo kuli shedi ya malata akutha komwe agogo anga aamuna akhala akupala matabwa chibadwire ine. Pa mzati wina wa shediyo pali kalendala imene msuweni wanga anabwera nayo kuchokera ku Johannesburg. Chaka chake chinatha kalekale, koma agogo salola munthu kuichotsa kapena kung'ambako pepala lokulungira misomali. Tsamba limene anasiya poyera lili ndi chithunzi cha galimoto yobiriwira, yopanda denga, ya zitseko zamatabwa.

Tsiku lina ndinawafunsa kuti, "Agogo, inu simunayendetsepo ngakhale njinga yamoto. Nanga galimotoyi ikukusangalatsani chiyani?"

Iwo anaika pulena pansi n'kuloza ndi chala chodzaza utuchi. "Iwe ukuona galimoto, ine ndikuona chitseko. Taona pamene matabwa awiriwa akumana. Ukuonapo msomali? Amene anapanga chimenechi ndi kalipentala mnzanga. Ndipo amene akuchisunga mpaka lero ndi munthu wosagona tulo."

Mawu amenewa andivutitsa semesita yonse. Ndakhala ndikuwerenga za galimotoyo, ndipo maganizo amene ndafikapo ndi awa: chimene chikuipatsa mtengo lero ndi chizolowezi chosamalira chinthu chisanawonongeke. Chizolowezi chimenechi ife Amalawi tikuchitaya, ndipo ife ophunzira ndi amene tili patsogolo pochitaya.

Galimoto ya pakalendala

Dzina lake ndi Chrysler Town & Country, tingati "ya m'tauni ndi kumudzi komwe". Kampani ya Chrysler ya ku Detroit, m'dziko la America, inayamba kugwiritsa ntchito dzinali mu 1941. Kumayambiriro kwa 1942 boma la dzikolo linaimitsa kupanga magalimoto a anthu wamba kuti mafakitale azipanga zida za nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Nkhondoyo itatha mu 1945, anthu anali ndi njala ya magalimoto atsopano, koma makampani analibe nthawi yokonza mapulani a mitundu yatsopano. Anangotulutsanso a 1942 omwe aja atawasintha nkhope pang'ono. Pofuna kukopa maso a ogula, anafunika galimoto imodzi yoti munthu akaiona pawindo la shopu aime kaye. Kampani ya Ford inatulutsa yake yotchedwa Sportsman, ndipo Chrysler inatulutsa Town & Country yotsegula denga.

Kuyambira 1946 mpaka 1948, Chrysler inapanga magalimoto otsegula denga oterewa oposa 8,000 pang'ono. Injini yake inali ya masilinda 8 ondondozana mu mzere umodzi, ya malita 5.3. Kulemera kwake kunali pafupifupi matani awiri. Mu 1948 mtengo wake unali pafupifupi madola 3,400, kuposa kawiri mtengo wa Ford wamba. Inali galimoto ya anthu olemera ndi akatswiri a mafilimu.

Koma chimene chinagwira mtima agogo ndi matabwa. Mafelemu a zitseko, a m'mbali ndi a buti anali a mtengo wotchedwa white ash, woyererapo, wolimba, wotha kupindika osathyoka. Pakati pa mafelemuwo ankaikapo timatabwa topyapyala ta mahogany, tofiirira. Akatswiri a zomera amaika mahogany ameneyu m'banja limodzi ndi mbawa yathu. Matabwawo ankawacheka ku Helena, m'chigawo cha Arkansas, kenaka amisiri ku Detroit ankawalumikiza, kuwasalaza ndi kuwapaka vanishi ndi manja. Agogo sanalakwitse: theka la galimoto ija ndi ntchito ya kalipentala.

Akulu anati walira mvula walira matope. Wogula galimotoyi ankagulanso ntchito. Ankayenera kupakanso vanishi kamodzi kapena kawiri pachaka. Akazengereza, vanishi ankasweka ndi dzuwa, madzi n'kulowa m'malo olumikizira, matabwa n'kuyamba kuda ndi kuwola kuchokera m'kati. Chitseko chinkayamba kulendewera, buti n'kukana kutsekeka. Ngakhale kampani yomwe inatopa nayo ntchitoyi. Chakumapeto kwa 1947 inasiya kuika mahogany weniweni n'kuyamba kumata pachitsulo pepala lojambulidwa ngati thabwa, lotchedwa Di-Noc. Chaka cha 1950 chinali chomaliza kuika matabwa enieni. Dzina lokha ndi limene linapitirira, pa magalimoto achitsulo, mpaka 2016.

Ambiri mwa magalimoto 8,000 aja anawola. Amene atsala lero ndi amene anagwa m'manja mwa anthu osatopa ndi bulashi, kapena amene wina anawatola ali mabwinja n'kuwadzutsa. Kudzutsa imodzi kumatenga miyezi yambiri, nthawi zina zaka. Mmisiri amachotsa thabwa lililonse, kuliyeza, kusema latsopano lofanana nalo ngati lakale lawola, kulipaka vanishi, kusalaza, kupakanso, mobwerezabwereza mpaka munthu azidziona nkhope. Yokonzedwa bwino ikapita ku okushoni ya anthu osunga magalimoto akale, si zachilendo kuti igulidwe madola oposa 100,000. Pa mtengo wa kubanki wa mu 2025, amenewa anali ndalama zoposa K170 miliyoni.

Bedford ya amalume

Ndisanayambe kuloza ena chala, ndiyambe ndaulula zanga. Ifenso kwathu tinali ndi galimoto yamatabwa. Amalume anga, achimwene awo a amayi, anagula lole ya Bedford yakale kwa mwini esiteti ina ya fodya. Inabwera ndi kabu ndi chesesi basi. Bodi yonse ya kumbuyo anaikhoma ndi agogo, ndi matabwa a mlombwa, ndipo mabawuti okha ndi amene anachokera kusitolo. Loleyo inanyamula mpunga kupita nawo ku Liwonde, mabelo a fodya ku Limbe, njerwa za sukulu ya m'mudzi mwathu, akwati, odwala ndi maliro. Mudzi wonse unkaidziwa kulira kwake ikadali kutali. Amalume ankaitsuka Lamlungu lililonse m'mawa, ndipo mvula isanayambe ankapaka matabwawo oilo wakutha wa mu injini.

Amalume atamwalira, loleyo inayenda miyezi ingapo, kenaka pampu ya dizilo inavuta. Linali vuto laling'ono, koma aliyense ankadikira mnzake. Tinaikankhira pansi pa mtengo wa mango kuti tidzaikonze tikakolola. Tinakolola kangapo. Batire linabwerekedwa osabwerera. Matayala awiri anapita ku ngolo. Nkhuku zinayamba kuikira m'kabu. Mlombwa suopa chiswe, koma masamba a mango anaunjikana pansi pa bodi, madzi n'kumakhazikika, matabwa apansiwo n'kufewa. A m'mbali tinayamba kuzula limodzilimodzi: lina la chitseko cha khola, lina linasanduka nkhuni pamaliro ena nkhuni zitatha usiku.

Kenaka kunabwera anyamata ogula zitsulo zakutha. Abale anati, "Iwe ndiwe wasukulu, kambirana nawo." Ndinakambirana nawo, ndipo ndinadzitama kuti ndakweza mtengo pa kilogalamu. Anaidula ndi moto wa gasi tsiku limodzi, kuyeza pa sikelo, kukweza m'lole ina, n'kupita. Ndalamazo tinagula feteleza wa chaka chimodzi. Lero tikafuna kunyamula mpunga timachita hayala galimoto ya munthu wina, ndipo tikawerengetsa zimene talipira pa zaka izi, zikanagula mapampu angapo. Agogo sananene kanthu tsiku limenelo. Anangotola thabwa limodzi la m'mbali lomwe linatsala, n'kupangira benchi imene alendo amakhalira kushedi kwawo. Benchiyo mpaka lero ilibe mng'alu.

Kodi si masewera a anthu okhuta?

Mnzanga wina wa m'chipinda chathu atamva kuti ndikulemba za nkhaniyi anaseka. Anati, "Aise, ukufuna titamande munthu wotaya K170 miliyoni pa galimoto imene imayenda kawiri pachaka, pomwe kwanu ku Machinga anthu akugona ndi njala? Ndalama zimenezo zingakumbe mijigo ingati?"

Funsoli ndi lachilungamo ndipo sindikulithawa. Munthu amene ali ndi magalimoto makumi awiri m'nyumba yoziziritsidwa, oti sanyamula munthu kapena katundu, sindimusirira. Pali kusunga kwina kumene ndi dyera lovala suti. Galimoto inapangidwa kuti iziyenda. Ikangokhala yoonetsera chuma, yasanduka chidole. Ndipo ndingadandaule kwambiri mutawerenga nkhaniyi n'kuyamba kulota zodzakhala ndi Town & Country yanu. Pa fumbi la mu Okutobala ndi matope a mu Febuluwale, galimoto imeneyi singathe chaka ku Nselema.

Koma mnzangayo anasakaniza zinthu ziwiri: kuunjika ndi kusamalira. Wolemera akhoza kuchita zonse ziwiri. Wosauka sangaunjike, koma kusamalira ndi kumene kumamuteteza. Wolemera galimoto yake ikawola amagula ina. Ife Bedford itawola sitinagule ina. Ndiye amene akufunika kwambiri mtima wa bulashi ndi vanishi uja ndi ife, osati iye.

Ndipo mijigo imene mnzangayo anatchula ndi umboni wanga, osati wake. Mjigo wa Afridev, umene uli pafupifupi m'mudzi uliwonse, unakonzedwa dala kuti anthu a m'mudzi azitha kuusamalira okha ndi sipanala imodzi. Mbiri yake inayambira konkuno, pa mjigo wotchedwa Maldev umene unayesedwa ku Ntcheu kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980. Timalabala ndi timapulasitiki timene timatha m'kati mwake n'totchipa poyerekeza ndi mtengo wokumbira chitsime. Koma yendani m'midzi ya ku Machinga ndi Balaka muwerenge mijigo imene yamera udzu, amayi akutunga padambo. Yambiri sinafe ndi matenda aakulu. Inafa monga inafera Bedford: kanthu kakang'ono kanavuta, aliyense n'kumadikira mnzake. Chimodzimodzi magalimoto amene timawaona atakhala pamiyala kuseri kwa maofesi, ena a iwo maambulansi. Vuto lathu si kusowa zinthu kokha. Zimene tapeza sitizisunga.

Zimene dziko lasunga ndi zimene likutaya

Sindikunena kuti Mmalawi sadziwa kusamalira. Tili ndi chitsanzo cha msinkhu wofanana ndi galimoto ya pakalendala ija. Sitima ya panyanja ya Ilala inapangidwa ku Scotland mu 1949, inabwera zidutswazidutswa n'kulumikizidwa ku Monkey Bay, ndipo inayamba ntchito mu 1951. Kwa zaka zoposa 70 yakhala ikunyamula anthu, chimanga, simenti ndi mbuzi pakati pa Monkey Bay ndi Chilumba, kudzera ku Likoma, Chizumulu ndi Nkhata Bay. Yakhala ikuima kangapo kuti ikonzedwe, koma yabwereranso pamadzi chifukwa pali amisiri amene akhala akupala dzimbiri, kupenta ndi kuwotcherera. Kwa ine, Ilala ikuposa galimoto iliyonse ya ku okushoni, chifukwa ndi yakale koma ikugwirabe ntchito imene inapangidwira.

Ku Monkey Bay komweko kuli mkulu wake, Chauncy Maples, imene inayamba kuyenda panyanja yathu mu 1901 ndipo imatchedwa sitima yakale kwambiri yoyandama mu Africa. Dzina lake ndi la bishopu wa mpingo wa Anglican amene anamira m'nyanjayi mu 1895. Panali ntchito yoikonza kuti ikhale chipatala choyenda pamadzi, koma inaima isanathe. Ku Mangochi, komwe msewu wathu wa ku Nselema umakathera, kuli nsanja ya wotchi ya Mfumukazi Victoria, ndi mfuti yaikulu yochokera m'sitima ya Guendolen, imene mu Ogasiti 1914 inawombera sitima ya Ajeremani kutsidya kwa nyanja nkhondo yoyamba ya padziko lonse itangoyamba. Ku Chichiri mu Blantyre, panja pa nyumba yosungiramo zinthu zakale, pali injini ya sitima yoyendera nthunzi, galimoto yozimira moto ndi basi yakale. Ndi angati mwa ife amene tinapitako mwa kufuna kwathu, osati potengedwa ndi aphunzitsi a ku pulayimale?

Makolo athu amasimba za Kamuzu Banda ataimirira m'galimoto yopanda denga, akugwedeza litchowa, amayi akuvina m'mbali mwa msewu. Kaya munthu amakonda ulamuliro umenewo kapena amadana nawo, magalimoto amenewo ndi mbiri ya dziko, ndipo mwana wa ku Nselema ayenera kukhala ndi malo oti akawaone. Ndi mmenenso zilili ndi mabasi a UTM, mapikapu a Peugeot 404 amene ankachita matola, Land Rover za kumishoni, mawailesi a Nzeru opangidwa konkuno, ndi malole a bodi yamatabwa ngati ya amalume. Zinthu zimenezi ndi zimene zinanyamula dziko lino kwa zaka zambiri. Zambiri zapita kale pa sikelo. Mdzukulu wanu akadzafunsa kuti matola inali chiyani, mudzamuonetsa chiyani?

Manja ndi mitengo

Pali chinthu china chimene chimatha mosaoneka kuposa chitsulo, ndicho luso. Galimoto ya pakalendala ikanakhala kulibe lero pakanapanda anthu odziwa kusema thabwa lopindika n'kulilumikiza ndi linzake popanda msomali. Kumayiko amene amasunga magalimoto oterewa, mmisiri wotere amalemekezedwa ndipo amalipidwa bwino. Kuno luso lofananalo lilipo. Imani pamsewu wa Zomba ndi Liwonde, cha ku Machinga, muone mipando ya mfumu imene amisiri amasema, ya matabwa awiri olowetsana popanda guluu kapena bawuti. Pitani kugombe muone okhoma mabwato a matabwa mmene amapindira thabwa kuti madzi asapeze polowera. Onani okhoma ngolo m'misika ya ku Balaka.

Koma agogo anga alibe wophunzira. Anyamata amene anayamba nawo anathawa, ena ku Joni, ena pa kabaza wa njinga yamoto, chifukwa ndalama ya kabaza imabwera madzulo omwewo pomwe chitseko chimatenga masiku. Ogula nawonso asintha. Amafuna kabati ya matabwa opanikiza a utuchi, yomatidwa pepala lonyezimira, yotchipa. Ikangonyowa kamodzi imatupa n'kusweka. Ndi Di-Noc yemwe uja wabwera kwathu: chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Boma linakhazikitsa TEVETA mu 1999, ndipo kuyambira 2015 lakhala likutsegula makoleji a ntchito za manja m'maboma. Koma malinga ngati ife a madigiri tikuona wopita kumeneko ngati wolephera mayeso, achinyamata anzeru azizemba ntchitozi. Tiyeni tivomereze: ambiri a ife timachita manyazi kugwira sowo pamaso pa anzathu.

Ndipo luso popanda mtengo ndi lachabe. Mahogany wa ku America amene ankakongoletsa magalimoto aja anadulidwa mpaka kuyamba kusowa, moti kuyambira 2003 malonda ake pakati pa mayiko amayendera chilolezo cha pangano la CITES, loteteza zomera ndi nyama zomwe zili pachiopsezo. Mu 2022 mayiko anaikanso pa mndandanda womwewo mitengo ya mu Africa ya mtundu wa mbawa, mlombwa ndi msambamfumu. Mkungudza wa ku Mulanje, mtengo wa fuko lathu, unatsala pang'ono kutheratu m'phirimo, ndipo pano akuchita kubzalanso. Aliyense wodutsa m'nkhalango ya Liwonde amaona matumba a makala atandanda m'mbali mwa msewu. Agogo amati kale mlombwa ankaupeza poyenda wapansi. Lero thabwa labwino amaliitanitsa kutali, ndipo kawirikawiri limabwera laling'ono, lodulidwa mtengo usanakhwime.

Chaka chilichonse, kuyambira pa 15 Disembala mpaka pa 15 Epulo, dziko limakhala m'nyengo yobzala mitengo. Timavala malaya olembedwa, kujambulitsa zithunzi, kuimba, n'kubwerera. Ndani amapitanso mu Seputembala kukaona ngati mbande ija yapulumuka ku mbuzi ndi moto wolusa? Kubzala kuli ngati kugula galimoto: kumachitika tsiku limodzi ndipo anthu amaombera m'manja. Kupalira, kutchingira ndi kulambula njira yoteteza moto kuli ngati kupaka vanishi: palibe amakujambula. Koma mbawa yoti mdzukulu wanu adzachekemo chitseko idzachokera ku ntchito yachiwiriyi.

Tiyambire pano

N'zosavuta kudzudzula boma ndi makolo. Tayang'anani pasukulu pathu pano. Mpando ukamasuka sikulu imodzi, timaukankhira kukona n'kutenga wina. Pakatha mwezi mwendo wathyoka, ndipo mpando umene ukanachira ndi mphindi zisanu wasanduka nkhuni. Mpopi ukamadontha timangodutsa. Chitseko cha kuhositelo chikayamba kukhula pansi timachimenya ndi phazi mpaka mahinjesi azuke. Tikatero timalemba madandaulo kuti fizi ndi yokwera koma zipangizo n'zakutha. Ena a ife tikuphunzira za bizinesi ndipo timadziwa kuwerengetsa mmene katundu amatsikira mtengo chaka ndi chaka. Timakhoza mayeso amenewo, koma sitinagwirepo bulashi kuti kutsikako kuchedwe.

Ine ndikupempha zinthu zitatu, ndipo palibe chofuna thandizo la kunja.

Choyamba, bungwe la ophunzira likhale ndi bokosi la zida: hamala, sowo, sikuludiraiva, sipanala, guluu, sandipepa ndi chitini cha vanishi. Kamodzi pamwezi, masana a Lamlungu, tizikonza mipando, matebulo ndi zitseko zathu, motsogozedwa ndi amisiri amene amagwira kale ntchito pasukulu pano. Amisiri amenewa timawadutsa tsiku lililonse osawapatsa ngakhale moni, chonsecho akudziwa zimene sitingazipeze mulaibulale.

Chachiwiri, kalasi iliyonse yobzala mitengo izikhala ndi udindo pa mitengoyo mpaka tsiku lomaliza maphunziro. Tiziwerenga imene yapulumuka, osati imene tabzala. Ndipo pakati pa bulugamu ndi malaina tiziikapo mbawa ndi mlombwa, ngakhale tikudziwa kuti odzacheka si ife.

Chachitatu, mukapita kutchuthi, yang'anani chimene chagona pansi pa mtengo wa mango kwanu. Mwina ndi njinga ya Humber ya agogo, makina osokera a Singer, ngolo, wailesi, kapena pikapu yopanda matayala. Musanaitane wa sikelo, funsani mmisiri kuti chavuta n'chiyani ndipo chingadye ndalama zingati. Nthawi zina adzakuuzani kuti chinatha, ndipo kugulitsa n'koyenera. Si chakale chilichonse chofunika kusunga. Koma funsani kaye. Ngati sichingadzukenso, chijambuleni, ndipo khalani pansi ndi mwini wake akusimbireni komwe chinachokera ndi zimene chinanyamula, mulembe. Ine sindinachite zimenezi. Ndilibe ngakhale chithunzi chimodzi cha Bedford ya amalume.

Dziko lathu limagula pafupifupi galimoto iliyonse, njinga iliyonse ndi sipeya aliyense kunja, ndi ndalama zakunja zimene timazisowa chaka chilichonse. Chinthu chilichonse chimene chatha msanga chifukwa chosasamalidwa ndi madola ena otuluka. Ndiye nkhani ya vanishi si ya anthu okonda zakale okha. Ndi nkhani ya chuma, ndipo ikukhudza mwachindunji ife amene mawa tidzapatsidwa makiyi a maofesi, a zipatala ndi a masukulu. Munthu amene sanaphunzire kumanga sikulu ya mpando wake ali pasukulu, sadzakumbukira kusintha oilo wa ambulansi akadzakhala bwana.

Tsiku loti ndibwerere kusukulu ndinapita kukatsanzika kushedi. Ndinakhala pa benchi ya mlombwa ija n'kuwauza agogo mtengo umene galimoto ya pakalendala imagulidwa masiku ano. Ndinkayembekeza kuti adzidzimuka. Iwo anangogwedeza mutu n'kunena kuti, "Sakugula galimoto amenewo. Akulipira anthu onse amene sanailole kuti iwole." Kenaka anandipatsa sandipepa n'kuloza chitseko chimene chinali pa tebulo lawo. Basi ya ku Liwonde inandisiya, ndinakwera ya masana.